Kwa mayi amene akuopa kuti mwana wake amangidwa

Amayi ena a kuno ku Chipata anditumizira imelo, ndipo apempha kuti ndisatchule dzina lawo kapena komboni imene amakhala. Mwana wawo wa zaka 23 anabadwa wamwamuna, koma chiyambire ali wamng'ono amadzidziwa kuti ndi mkazi. Masiku ano amavala zachikazi ndipo amapeza ndalama poluka tsitsi. Posachedwa anyamata ena anam'menya akuweruka kuntchito, ndipo aneba ayamba kuopseza kuti akam'nenera kupolisi. Amayiwa akufunsa zinthu zitatu: kodi kukhala transgender, ndiye kuti munthu wobadwa wamwamuna kudzidziwa kuti ndi mkazi kapena wobadwa wamkazi kudzidziwa kuti ndi mwamuna, ndi mlandu m'Zambia muno? Akapita kukadandaula za kumenyedwako, apolisi sakatsekera mwana wawoyo m'malo mwa omumenya? Nanga reji yake, chitupa cha boma chom'zindikiritsa, ingasinthidwe?

Amayi, pepani kwambiri ndi zimene zachitikira mwana wanu. Ndikuyankhani mosabisa, chifukwa pa nkhani ngati iyi mawu otonthoza okha akhoza kukulowetsani m'mavuto.

Palibe lamulo m'Zambia limene limati kukhala transgender ndi mlandu. Mulibenso ndime yoletsa munthu wobadwa wamwamuna kuvala chitenje, kuluka tsitsi kapena kudzitcha dzina lachikazi. Aneba anu akapita kupolisi ndi nkhani ya zovala yokha, alibe mlandu umene angatchule.

Koma musapume msanga. Chimene chimapweteka anthu onga mwana wanu chili mu Penal Code, buku la milandu limene tinalandira kwa atsamunda a ku Britain. Ndime 155 imalanga kugonana kumene imakutcha kosemphana ndi chilengedwe. Kuyambira pamene nyumba ya malamulo inakhwimitsa zilango mu 2005, wopezeka wolakwa amalandira zaka zosachepera 15, ndipo akhoza kukhala m'ndende moyo wonse. Ndime 156 imalanga kuyesa chabe, zaka 7 mpaka 14. Ndime 158 imapereka zaka zomwezo pa zimene imazitcha zonyansa pakati pa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Ndime zonsezi zimanena za chimene munthu wachita, osati chimene iye ali. Vuto n'lakuti boma limaona mwana wanu monga mwamuna, malinga ndi reji yake. Choncho akakhala pa chibwenzi ndi mwamuna, wapolisi adzati ndi amuna awiri. Ndipo popeza iye amaonekera poyera kuposa wina aliyense, anthu amathamangira kum'ganizira ngakhale asanaone kanthu.

Izi zinachitikapo. Mu 2015 ku Mongu, khoti linapeza mayi wina wa transgender wolakwa pa ndime 155, ngakhale iye anauza khoti kuti mwamuna amene anakam'nenerayo ndiye anam'kakamiza. Ku Kapiri Mposhi amuna awiri anamangidwa mu 2013, nakhala m'ndende kupitirira chaka akudikira mlandu, mpaka khoti linawamasula mu 2014 chifukwa boma linalibe umboni wokwanira. Enanso awiri a komweko analamulidwa zaka 15 mu Novembala 2019. Nkhani yawo ndi ija inakanganitsa boma ndi kazembe wa America, Daniel Foote, mpaka anachoka m'dziko. Pulezidenti Edgar Lungu anawakhululukira mu Meyi 2020 pamodzi ndi akaidi ena ambiri, koma lamulolo lidakalipo momwemo.

Pali nkhani ina yopatsa mphamvu imene ndifuna muidziwe. Mu 2013 Paul Kasonkomona, womenyera ufulu wa anthu, analankhula pa Muvi TV kuti anthu ogonana amuna okhaokha nawonso ali ndi ufulu. Apolisi anam'gwira atangotuluka, namuimba mlandu pa ndime 178 wa kunyengerera anthu kuchita zosayenera. Majisitireti anam'masula mu 2014, ndipo boma litachita apilu, High Court inagwirizana ndi majisitiretiyo mu 2015. Inu mukaima pakhomo panu n'kunena kuti uyu ndi mwana wanga, musam'khudze, simunalakwire lamulo lililonse.

Tsopano za chitetezo. Malamulo aakulu a dziko, mu gawo lachitatu limene lili ndi maufulu a anthu, satchula mawu akuti transgender. Ndime 23 yoletsa tsankho imatchula zinthu monga mtundu, fuko, khungu, chipembedzo, ndale, kwawo kwa munthu ndi kukhala mwamuna kapena mkazi, koma siifika pa anthu onga mwana wanu mwachindunji. Umenewo ndi mpata weniweni, ndipo ine ndimauona kuti ndi wolakwika. Komabe ndime zinazo zimayamba ndi mawu akuti munthu aliyense, kapena palibe munthu. Ndime 13 imati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva. Ndime 15 imaletsa kuzunza munthu kapena kum'chita zom'chotsera ulemu. Ndime 17 imateteza thupi lake ndi nyumba yake kuti zisafufuzidwe mwachisawawa. Ndime 18 imati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litam'peza wolakwa, ndipo ali ndi ufulu woimiridwa ndi loya. Ena adzakuuzani kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu. N'zoona, Frederick Chiluba analengeza zimenezo mu 1991 ndipo zinalowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu mu 1996. Koma mawu amenewo sanafafanize ndime ngakhale imodzi mwa izi, ndipo sanapatse mnyamata aliyense chilolezo chomenya mnzake panjira.

Kumenya munthu mpaka kum'vulaza ndi mlandu pa ndime 248 ya Penal Code, ndipo chilango chake chimafika zaka 5. Lamulo silifunsa kuti womenyedwayo anavala chiyani. Kodi mupite kupolisi? Ine ndikuti pitani ngati mwana wanuyo wavomera, pakuti thupi ndi lake ndipo amene adzaime pamaso pa apolisi ndi iyeyo. Koma asapite yekha. Mupite naye inuyo, ndipo ngati n'kotheka mutengenso amalume ake kapena munthu wina wamkulu wolemekezeka. Wapolisi amalankhula mosiyana akaona kuti kumbuyo kwa munthu kuli banja. Funsani ofesi ya Victim Support Unit. Pemphani fomu ya medical report, mupite nayo kuchipatala kuti adokotala alembe mabala, ndipo ngati munajambula zithunzi za mabalawo, zisungeni. Lembani tsiku, dzina la wapolisi amene wakulandirani ndi nambala imene dandaulo lanu lalembedwera m'buku. Nkhani ikhale imodzi: anandimenya, pamalo pakuti, nthawi yakuti, anthu akuti anaona. Akayamba kufunsa za amene amagona naye, mwana wanu sakakamizidwa kuyankha, chifukwa sindicho chimene mwabwerera.

Zikatembenuka n'kum'tsekera, dziwani izi. Criminal Procedure Code, buku la kayendetsedwe ka milandu, pa ndime 33, imafuna kuti munthu womangidwa popanda waranti aonekere kukhoti pasanathe maola 24 ngati n'kotheka, apo ayi aganiziridwe za police bond, ndiko kutulutsidwa ndi apolisi podikira mlandu. Kawirikawiri masiku amapitirira, n'chifukwa chake abale ayenera kufika msanga ndi kumafunsa tsiku ndi tsiku. Police bond ndi yaulere; imafuna anthu om'chitira umboni kuti sathawa, osati ndalama. Asasaine pepala limene sanaliwerenge kapena sakulimva. Asavomere kanthu pofuna kuti atuluke msanga, chifukwa milandu yotere kawirikawiri ilibe mboni, ndipo mawu a mwiniwake ndiwo amam'manga. Popeza adzam'tsekera ndi amuna, nenani poyera kwa mkulu wa polisiyo kuti mukuopera chitetezo chake ndipo pemphani kuti akhale payekha.

Chinthu china n'chovuta kuchilemba, koma ndiyenera. Pa milandu ya ku Kapiri Mposhi ndi ya ku Mongu, omangidwa anatengeredwa kuchipatala kukapimidwa kumalo obisika pofuna umboni. Bungwe la Human Rights Watch mu 2016 linatchula Zambia pakati pa mayiko 8 amene ankachita zimenezi. Akatswiri a zachipatala amati kupima kotere sikungatsimikize kanthu, ndipo khoti la apilu la ku Kenya linagamula mu 2018 kuti kukakamiza munthu kutero n'kuphwanya malamulo aakulu a dzikolo. Mwana wanu anene momveka kuti sakuvomera, ndipo apemphe loya. Legal Aid Board ili ndi ofesi kuno ku Chipata yothandiza osakwanitsa kulipira loya. Human Rights Commission nayonso ili ndi ofesi muno, ndipo imalandira madandaulo a anthu ozunzidwa m'manja mwa apolisi. Dandaulo lokhudza khalidwe la wapolisi likhozanso kupita ku Police Public Complaints Commission. Palinso bungwe la TransBantu Association Zambia, lokhazikitsidwa ndi anthu a transgender eniake, limene limadziwa maloya ndi azachipatala olandira anthu bwino.

Ndionjezepo za aneba. Wina akanena kuti tipatseni ndalama, apo ayi tikunenerani, ameneyo ndiye wapalamula, pakuti kulanda ndalama moopseza ndi mlandu. Musalipire. Wolandira kamodzi amabweranso. Sungani mameseji ake. Muuzenso mwana wanu asamale ndi anthu osawadziwa a pa Facebook amene amam'itanira kumalo obisika, ndiponso ndi zithunzi zimene amasunga mufoni.

Za reji, yankho ndi losakondweretsa. Dzina likhoza kusinthidwa kudzera mu deed poll, chikalata chimene loya amakonza n'kukachilembetsa ku High Court, kenako n'kupita nacho ku ofesi ya National Registration. Koma palibe lamulo lopereka njira yoti munthu wa transgender asinthe pamene panalembedwa kuti mwamuna kapena mkazi. Mu 2017 High Court ku Lusaka inalamula kuti mapepala a munthu wina asinthidwe kuchoka pa mkazi kupita pa mwamuna, koma iyeyo anali intersex, ndiye kuti thupi lake kuyambira pobadwa silinali lachimuna kapena lachikazi kotheratu, ndipo madokotala anachitira umboni. Nkhani ya mwana wanu ndi yosiyana. Kwa anzathu kum'mwera zinayenda: South Africa ili ndi lamulo lololeza kusinthaku kuyambira 2003, ndipo High Court ya ku Botswana inalamula mu 2017 kuti mwamuna wina wa transgender apatsidwe chitupa chogwirizana ndi mmene alili. Kuno njira yake ikanali yodzera kukhoti. Chimene ndikukuchenjezani kolimba n'chakuti asagwiritse ntchito reji ya mlongo wake kapena kukonzetsa yachinyengo, ngakhale atavutika motani pa banki kapena polembetsa simu. Pamenepo ndiye pangakhale mlandu weniweni.

Mwina mwaganizapo zom'tumiza kwa abale kutsidya kwa Mwami kuti zinthu zizizire. Ku Malawi malamulo ake ndi a mtundu womwewo. Mu 2010 khoti la ku Blantyre linalamula Tiwonge Chimbalanga, mayi wa transgender, ndi bwenzi lake lachimuna zaka 14 asanakhululukidwe ndi Bingu wa Mutharika, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu linakana kuthetsa ndime zimenezo, pa mlandu umene m'modzi mwa odandaula anali mayi wa transgender. Ku Mchinji kapena ku Lilongwe adzakhala mlendo wopanda mayi wom'thamangira.

Kuchipatala ayenera kulandira thandizo monga wina aliyense, ndipo zimene wauza adokotala ndi zachinsinsi. Wina akakuuzani kuti mwana wanu ndi wamisala, dziwani kuti World Health Organization inachotsa nkhaniyi pa mndandanda wa matenda a maganizo mu 2019. Musalole kuti am'tengere kwa sing'anga kapena kumapemphero om'manga ndi kum'menya. Ndi munthu wamkulu, ndipo kum'tsekera kapena kum'pweteka ndi mlandu ngakhale wochitayo ali wachibale. Pa chuma cha masiye, Intestate Succession Act ya 1989 imapereka theka la chuma kwa ana a womwalira wosasiya wilo, ndipo abale alibe mphamvu yochotsapo mwana chifukwa cha kavalidwe kake. Ngati mukuona kuti achibale adzam'thamangitsa panyumba inu mutapita, lembani wilo tsopano, mum'tchule ndi dzina limene lili pa reji yake pamodzi ndi nambala yake, ndipo musainire pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandira kanthu pa chumacho.