Thanki yanga ya nsomba yadzaza ndere, kodi ndiyambirenso?

FUNSO: Zikomo akulu. Milungu itatu yapitayo ndinagula thanki ya malita 60. Ndinathira mchenga, kubzala zomera zisanu, n'kuikamo tinsomba khumi tsiku lomwelo. Nyale ndimayatsa ndikangodzuka, kuzimitsa pogona. Pano galasi lonse lada ndi zinthu zofiirira, masamba a chomera china asungunuka ngati ophika, ndipo nsomba zitatu zafa. Kodi ndikhuthule zonse, nditsuke, ndiyambirenso? Ndine mayi wowerenga.

YANKHO: Pepani mayi ndi nsomba zanuzo. Koma chonde musakhuthule. Mukatsuka zonse lero, mutaya chinthu chokhacho chimene chayamba kuyenda bwino m'thankimo, ngakhale simukuchiona ndi maso.

Nsomba zimatulutsa amoniya m'madzi, ndipo ndowe zake ndi zakudya zotsala zikamaola zimawonjezera wina. Amoniya ndi poizoni. M'thanki yokhwima muli mabakiteriya okhala m'siponji ya fyuluta yosefa madzi, pamiyala ndi mumchenga. Ena amasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi woopsa, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate, amene zomera zimadya ngati feteleza. Kuti mabakiteriyawa achuluke pamapita milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Nsomba zanu zinalowa m'nyumba yopanda wosesa, n'chifukwa chake zina zafa. Zisanu ndi ziwiri zatsalazo mukhoza kuzipulumutsa. Kwa milungu iwiri ikubwerayi, pakapita masiku awiri alionse chotsani malita 20 ndi kapayipi, muthire madzi ena osazizira kapena kutentha kuposa a m'thankimo. Ngati ndi apampopi, dontheziranimo mankhwala ochotsa klorini, chifukwa klorini amapha mabakiteriya omwe tikuwetawa. Chakudya muzipereka kamodzi patsiku, choti chithe m'mphindi ziwiri. Musagule nsomba ina ayi. Siponji ya fyuluta ikada, ifinyireni m'ndowa ya madzi amene mwachotsa m'thankimo, osati pampopi.

Zofiirira zapagalasizo zisakusowetseni tulo. Ndi mtundu wa ndere umene umakonda thanki yatsopano, ndipo mukapukuta ndi chala umangoyoyoka ngati fumbi. Kawirikawiri umatha wokha thanki ikakhazikika. Chondidetsa nkhawa ine ndi nyale yanuyo. Kuyambira podzuka mpaka pogona ndi maola pafupifupi 16, pamene zomera zisanu zimene sizinagwire n'komwe sizingathe kudya kuwala konseko. Chotsalacho amadya ndani? Ndere zobiriwira, zaulusi zija zokulunga masamba, ndipo zikafika zimenezo ntchito yake ndi yaikulu. Tsitsani kufika maola 6 mwezi uno, kenako 8. Gulani kataima kolumikiza kusoketi kuti nyale iziyaka ndi kuzima yokha nthawi imodzimodzi. Ngati thanki ili pafupi ndi zenera pofika dzuwa, tchingani.

Tsono za chomera chosungunukacho. Mmene mwafotokozeramu ndikukhulupirira kuti ndi Cryptocoryne. Alimi ambiri a zomera zimenezi amazilera mizu ili m'madzi koma masamba ali kunja mumpweya, chifukwa zimakula msanga choncho. Mukazimiza, masamba akalewo sagwiranso ntchito, ndiye amafewa n'kuola. Chomeracho sichinafe. Dulani masamba oolawo ndi sizasi, mizu muisiye pomwepo, musaigwedeze. Cryptocoryne wanga woyamba anatha yense mpaka pamchenga panangoti see. Ndinkabwera ndi tochi usiku uliwonse kudzasuzumira. Mlungu wachitatu ndinaona kansonga kofiirira, kopindika ngati singano, katatumphuka pambali pa mwala. Patatha miyezi iwiri panali masamba asanu ndi atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi, ndipo m'thanki mwambi umenewu umachitika weniweni: mukadzaika nkhono za nerite zodya ndere, mudzaziona bwino zikutulutsa tinyanga pagalasi mukakhala phee.

Chomaliza, onjezerani zomera. Zisanu zachepa. Pezani zokula msanga monga Hygrophila, Vallisneria ndi hornwort, mudzaze kumbuyo konse, pamwamba muyandamitsepo Salvinia pang'ono. Izi zimalanda chakudya ndere zisanachipeze.

FUNSO: Achimwene, zomera zanga zikukula bwino koma thanki ikuoneka ngati tchire. Ndimasirira zithunzi za mathanki ooneka ngati phiri kapena nkhalango. Amayala bwanji? Ndine mnyamata wowerenga.

YANKHO: Zithunzi mukuzisirirazo, achimwene, zambiri zimatsata njira ya Takashi Amano wa ku Japan, amene anabadwa mu 1954 n'kumwalira mu 2015. Iye anali wojambula zithunzi za nkhalango ndi mitsinje, ndipo ankayala thanki monga mmene diso lake linaonera kuchilengedwe. Ntchito yake yaikulu yomaliza anaiyala mu 2015 ku Oceanário de Lisboa, malo oonetsera zamoyo zam'madzi ku Portugal, thanki yotalika mamita 40 yokhala ndi madzi okwana malita 160,000. Palinso njira yakale ya ku Netherlands, yoyamba m'zaka za m'ma 1930, imene sidalira miyala koma mizere ya zomera zosiyana mtundu ndi msinkhu, ngati dimba la maluwa. Ndimailemekeza, koma imafuna sizasi mlungu uliwonse. Kwa inu ndikusankhirani ya Amano.

Chinsinsi chake n'chakuti miyala ndi zitsa zimayamba, zomera zimabwera pambuyo. Ine ndimayala thanki ili youma, nthawi zina masiku atatu, kusuntha mwala, kukhala pampando, kuyang'ana, kusunthanso. Mchenga kutsogolo ukhale masentimita atatu, kumbuyo asanu ndi atatu kapena kuposa. Chitunda chimenecho n'chimene chimanyenga diso kuti thanki yaing'ono ioneke yakuya. Pa kayalidwe kotchedwa iwagumi amatenga miyala itatu, isanu kapena isanu ndi iwiri, yonse ya mtundu umodzi. Waukulu kwambiri saukhazika pakati. Gawani utali wa thanki patatu m'maganizo, muuike pamene gawo loyamba lathera, wopendekeka pang'ono ngati wakankhidwa ndi madzi kwa zaka. Inayo iugonjere, mizere yake iloze mbali imodzi. Kwirirani tsinde la mwala uliwonse kuti uoneke womera pomwepo, osati wongoponyedwa. Musanauike, udonthezereni viniga: ukachita thovu ndiye kuti uli ndi laimu ndipo udzasintha madzi anu.

Tchire lanulo, ndikuganiza, labwera chifukwa chogula chomera chimodzichimodzi cha mtundu uliwonse. Sankhani mitundu itatu kapena inayi basi, mubzale uliwonse pagulu. Zazifupi kutsogolo, zazitali kumbuyo, ndipo musiye malo ena opanda kanthu, kanjira ka mchenga woyera kopita kukazimirira kuseri kwa mwala. Anthu amaopa malo opanda kanthu, koma ndi pomwe nsomba zimaonekera.

Pa zitsa mangiriranipo zomera za Anubias ndi Java fern. Apa ndikuchenjezeni ndi zimene zinandionekera. Anubias, amene kwawo ndi m'mitsinje ya kumadzulo ndi pakati pa Africa, ali ndi tsinde lonenepa lokwawa chopingasa, pomwe pamatuluka masamba ndi mizu. Ine ndinalikwirira mumchenga monga timachitira ndi mbewu ina iliyonse. Patatha milungu iwiri ndinagwira tsamba, linangothothoka, tsinde lili phalaphala, fungo lake loipa. Zinandipweteka chifukwa chomerachi chimatulutsa tsamba limodzi pakapita milungu ingapo. Tsinde limenelo lizikhala poyera. Limangeni ndi ulusi wosokera pachitsa, mizu idzagwira yokha.

Zomera zazitali zikafika pamwamba, zidulireni pakati. Pamene mwadulapo pamaphuka nthambi ziwiri, ndipo nsonga mwadulayo mukaibzala imamera. Mukatero kawiri katatu, kumbuyo kumachita thithithi koma mwadongosolo.

FUNSO: Kodi popanda botolo la mpweya wa CO2 zomera sizingakule? Ndine bambo wowerenga.

YANKHO: Zimakula, bambo. Anubias, Java fern, Cryptocoryne, Vallisneria ndi Java moss sizilira botolo, bola nyale ikhale yosawala mopambanitsa ndipo muzithira feteleza wamadzi pang'ono mlungu uliwonse mukasintha madzi. Botolo la CO2, mpweya umene zomera zimamwa pakuwala kuti zikule, limafunika mukafuna kapeti ya tizomera tating'onoting'ono toyala pansi kapena masamba ofiira kwambiri. Amene amaligwiritsa ntchito amafuna mamiligalamu a CO2 pafupifupi 30 pa lita imodzi ya madzi, ndipo amatseka usiku, popeza mumdima zomera sizimwa mpweya umenewu, zimapuma okosijeni limodzi ndi nsomba. Mukadzaona nsomba zikuyasama pamwamba pa madzi, tsekani botolo nthawi yomweyo, musinthe theka la madzi. Ine thanki yanga yakale kwambiri ilibe botolo, ndipo Java fern wa mmenemo ndamugawa kale kanayi.