Yankho la malume pa funso la moto wa chinjoka

Achemwali, ndamva funso la mwanayo, loti chinjoka cha m'nthano chija, dragon, chikanakhalapo chikanalavula bwanji moto. Muyimvetsere naye limodzi voice note iyi.

Zopangira moto si vuto. Ng'ombe imodzi imatulutsa gasi wa methane malita 250 mpaka 500 pa tsiku, wochokera m'chifu momwe tizilombo timaphwanya udzu, ndipo wambiri umatuluka pogeya. Koma mumuuze kuti ndi wochepa. Mphamvu yake sikwana ngakhale theka la kilo ya gasi amene mumakadzazitsa ku Mbare, mu Harare muja, magetsi akazima. Ndiye chinjokacho chikanafunika thumba losungiramo gasi wa masiku angapo, apo ayi moto utha chisanayambe n'komwe. Komanso methane amayaka pokhapokha akasakanikirana ndi mpweya pa mlingo wa 5 mpaka 15 peresenti. Akachepa sayaka, akachuluka sayakanso.

Povuta ndi poyatsira. Ena amati chingameze miyala ngati mmene nkhuku imasungira timiyala mu nthutumba, n'kumaikhulanitsa kuti ithetheke. Ine ayi, m'kamwa monyowa ndi malovu mwala suthetheka. Ena amati magetsi, poti nsomba ya nyesi ya mu Shire ndi Zambezi imagwedeza munthu. Komatu mtundu umenewu umathera pa ma volt ngati 350, pomwe kuti moto udumphe milimita imodzi yokha mu mpweya pamafunika pafupifupi 3,000.

Yankho lenileni lili ndi kachikumbu kotchedwa bombardier beetle, kamene kamapezeka ndi kuno ku Africa komwe. Mvetserani bwino apa. Kumbuyo kwake kali ndi zipinda ziwiri. M'chipinda choyamba mumakhala mankhwala awiri, hydrogen peroxide ndi hydroquinone, ali phee, osapsa. Chachiwiri n'cha khoma lolimba, ndipo muli ma enzyme, tinthu tofulumizitsa kuti mankhwalawo asinthike n'kutentha. Pakati pali kavalavu. Chule akakagwira, kamatsegula kavalavuko, dontho limalowa m'chipinda cholimbacho, limawira nthawi yomweyo kufika 100°C, mphamvu ya kuwirako imakankha kavalavu kuti katsekeke, madziwo n'kuphulikira kunja. Kenako dontho lina. Zimabwerezeka pafupifupi ka 500 pa sekondi imodzi, n'chifukwa chake kachikumbuko sikadziphika kokha. Si moto ayi, ndi madzi owira, koma kapangidwe kake ndi komwe chinjoka chikanafunika: zinthu ziwiri zosiyanitsidwa, zokumana pakhomo potulukira basi.

Chikanalakwika n'chiyani? Moto kubwerera m'mbuyo. Afunseni owotcherera zitsulo ku Magaba, kwa amisiri ku Mbare kuja, chifukwa chake amaika flashback arrestor, kachipangizo kotchinga lawi kuti lisabwerere ku silinda, pa mapaipi a gasi. Mpweya ukalowa mu paipi, kapena gasi akamatuluka mofooka, lawi limayenda kulowera mkati. Kwa chinjoka ndiye kuti kupuma kamodzi kokha moto uli mkati moyaka, mapapo apsa. Chiyenera kutseka kholingo, kulavula mwamphamvu, kudula gasi kaye, kenako n'kupuma.

Ine ndikanasankha mafuta m'malo mwa gasi. Gasi amayakira pamphuno pomwepo, pomwe chamadzi chimapita patali, monga njoka yolavula ija imaponyera ululu mamita awiri kapena atatu kudzera m'timabowo ta m'mano. Mwanayo akajambula, aike thumba la mafuta pakhosi, mankhwala oyatsira m'nsagwada, ziwirizo zikakumanire kunja kwa milomo. Koma zoyesera ndi machesi kapena silinda ya kukhitchini mumuletse ndithu, achemwali.