Kodi bwana wa kampani ya nyimbo ayenera kukhala woyimba?

Achimwene, mwafunsa ngati munthu wosadziwa kuyimba kapena kuliza chida chilichonse angakhale mkulu wa kampani yojambula nyimbo, komanso kuti ntchito yake kwenikweni ndi yotani. Angathe ndithu. Taonani mbiri ya Clive Davis wa ku America.

Bamboyu anabadwira ku Brooklyn mu 1932, ndipo anaphunzira zamalamulo ku Harvard. Analowa ku Columbia Records mu 1960 ngati loya, ntchito yake ili ya makontrakiti basi. Pofika 1967 anali atakhala pulezidenti wa kampaniyo. Chaka chomwecho anakaonera chikondwerero cha nyimbo cha Monterey ku California, komwe anaona momwe achinyamata ankapengera ndi nyimbo za rock pamene kampani yake inkadalirabe kwambiri nyimbo zofatsa zokonda akuluakulu. Anasayinitsa Janis Joplin ndi gulu lake, kenako Santana ndi ena.

Kwa ine, ntchito yeniyeni ya mkulu wotereyu ndi kudziwa nyimbo yomwe ingamukhale woyimba uyu osati uyo, n'kulimba mtima kuikapo ndalama anthu asanaimve. Alipo oyimba ambiri a mawu okoma amene sapeka okha nyimbo. Whitney Houston anasayina ku Arista, kampani imene Davis ankatsogolera pa nthawiyo, mu 1983 ali ndi zaka 19, koma chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1985. Nthawi yonseyo ankafufuza nyimbo ndi maprodyusa omuyenera. Bwana wadyera akanathamangira kutulutsa chimbale m'miyezi itatu kuti ndalama zibwere msanga, mwina mtsikanayo akanangomveka pang'ono n'kuzimirira. Koma tisam'tame mopitirira Davis: amene anayamba kumuona Whitney akuyimba n'kukauza abwana anali Gerry Griffith, wa dipatimenti yosaka oyimba yomwe amaitcha A&R. M'ntchito imeneyi wamng'ono amafukula, wamkulu n'kutchuka.

Mpandowo ndi woterera. Mu 1973 Columbia inamuchotsa ntchito Davis pomuneneza kuti ankagwiritsa ntchito ndalama za kampani pa zinthu zake. Chaka chotsatira anayambitsa Arista. Mu 2000 eni ake a Arista, kampani ya BMG, anamuchotsanso pampando n'kuikapo L.A. Reid, chonsecho anali atangomudzutsa kumene Santana ndi chimbale cha 1999 chomwe chinasesa mphoto za Grammy. Chodabwitsa n'chakuti BMG yomweyo ndi imene inapereka ndalama zoti ayambitse J Records, komwe Alicia Keys anatulutsira chimbale chake choyamba mu 2001.

Nanga n'chifukwa chiyani loya anakwera chonchi? Chifukwa ndalama za nyimbo zili m'mapepala. Kampani ikasayinitsa woyimba imamupatsa adivansi (ndalama zopatsiratu nyimbo zisanagulitsidwe), imalipira situdiyo ndi zina. Anthu amaona ngati ndi mphatso, pomwe zambiri mwa ndalamazo zimadzadulidwa kaye pa gawo la woyimbayo asanalandire chilichonse pa malonda a nyimbo zake. Komanso m'makontrakiti ambiri nyimbo zojambulidwazo zimakhala za kampani, osati za woyimba. Apa ndi pamene pamachokera mikangano yambiri imene timaimva, ndipo sikuti nthawi zonse mabwanawa amakhala osalakwa. Choncho mkuluyo amafunika makutu akuthwa, komanso mutu wodziwa kuwerengetsa kuti oyimba angapo amene wawasayinitsa sadzabweza ndalama, ndiye mmodzi kapena awiri ochita bwino ndi amene adzakwirire dzenjelo.

Uloya si khomo lokhalo. Berry Gordy anali wopeka nyimbo pamene ankayambitsa kampani imene inadzakhala Motown ku Detroit mu 1959, ndi ngongole ya madola 800 yochokera kwa abale ake. David Geffen anayambira m'chipinda chosankhira makalata ku William Morris Agency, kampani yoimira oyimba ndi azisudzo, n'kudzakhala manejala wa oyimba asanatsegule kampani yakeyake. Ngati mukuganizira zimenezi, yambani ndi kuyendetsa nkhani za woyimba mmodzi amene mumamukhulupirira, ndipo kontrakiti iliyonse imene angapatsidwe muziiwerenga mpaka tsamba lomaliza asanasayine.