Uphunzitsi unauphunzirira pansi pa galimoto

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 21 ndipo ndasankhidwa kukachita maphunziro a uphunzitsi. Bambo anga ndi makaniko, ali ndi galaja yawoyawo, ndipo akufuna kuti ndidzalowe m'malo mwawo popeza agogo anga nawonso ankagwira ntchito yomweyo. Chiwauzireni za kusankhidwa kwanga sakundilankhula, ndipo anenetsa kuti fizi sadzalipira. Ine sindikufuna kukalamba ndi ntchito yauve ya oyilo ndi girizi. Ngakhale anyamata ophunzira ntchito, amene amathamangira kwa ine bambo akawakalipira kuti ndiwafotokozere bwinobwino, akudabwa ndi mkwiyo wawowu. Kodi nditani?

Wothedwa nzeru

Mwana wanga,

Bambo ako akulakwa, ndipo kholo limene limamana mwana mawu ndi fizi chifukwa chakuti wasankha ntchito ina sindilimvera chisoni. Za iwo ndilekera pomwepo, chifukwa chimene chandigwira mtima m'kalata yako ndi anyamata aja wawatchula mongodutsawo.

Taganiza bwino. Mnyamata wamanga nati mopotoka, bambo ako amulanda sipanala mokalipa, ndipo iye akuzemba kudzakufunsa iwe kuseri kwa galimoto. Iwe ukugwada naye pansi, ukumuonetsa pang'onopang'ono mpaka amvetse. Kodi ukuganiza kuti chikondi cha uphunzitsi chinakugwera kuchokera kumwamba? Unachitola m'galaja momwemo, pakati pa majeke ndi mainjini amene lero ukuwanyoza.

Ine ndimakhulupirira, ndipo ndakhala ndikukangana ndi anthu pa nkhaniyi, kuti palibe mwana amene amasankha ntchito popanda dzanja la makolo ake, ngakhale amene akuganiza kuti akuwathawa. Anthu amati make mbuu, mwana mbuu, n'kumayesa kuti mwana wa namwino ayenera kuvala yunifolomu yoyera basi. Chimene mwana amatengera kwenikweni ndi zimene maso ake anazolowera: mmene kholo limagwirira chida, nkhope imene limabwera nayo madzulo, ndiponso mpata umene limasiya osaudzaza. Bambo ako amadziwa injini koma alibe mtima wofotokoza, ndipo iwe unakulira mumpata umenewo.

Mwachitsanzo, Marie Curie, mayi wasayansi amene analandira mphoto yapamwamba ya Nobel kawiri, mu 1903 ndi mu 1911, anali ndi ana aakazi awiri. Wamkulu, Irène, anayamba kuthandiza mayi ake pa makina a X-ray pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse adakali mtsikana, ndipo mu 1935 nayenso analandira Nobel ya sayansi. Wamng'ono, Ève, sanalowe m'sayansi, anakhala woimba piyano ndi mtolankhani, komabe ndiye amene anadzalemba mbiri ya moyo wa mayi akewo. Onse awiri anaumbidwa ndi ntchito ya m'nyumba imodzi, wina poitsata, wina poiyang'anitsitsa ali pambali.

Tsono ndikudzudzule. Ntchito imene ukuitcha yauve ndi imene yakulera ndi kukufikitsa pa sukulu pamene wafikapo, ndipo ndikukayika ngati mawu amenewa sunawanenepo bambo ako akumva. Munthu amene wathera moyo wake atavala ovololo akamva mwana wake akunyansidwa ndi girizi, amamva kuti akunyansidwa ndi iyeyo.

Pita kumaphunziro ako, usabwerere m'mbuyo. Za fizi kambirana ndi mayi ako ndi achibale amene bambo ako amawamvera, ndipo ufunse ku koleji ngati kuli thandizo la ophunzira. Koma usananyamuke, vala ovololo tsiku limodzi, ulowe nawo pansi pa galimoto, uwapatsire sipanala monga kale, kenaka uwauze kuti kuphunzitsa unayambira pa anyamata awo aja. Ufufuzenso za uphunzitsi wa ntchito zamanja, chifukwa masukulu ophunzitsa umakaniko amafuna munthu wodziwa injini amene sakalipa akafunsidwa kawiri.

Azakhali