Masamba akuyoyoka, ana ali pa tchuthi: tipange nawo chiyani?

FUNSO: Azakhali, ndili ndi ana awiri, wamkulu wa zaka 9 ndi wamng'ono wa zaka 3. Atsekera sukulu, ndipo ino ndi nyengo ija mitengo imayoyola masamba, kunja kwayamba kuzizira. Tsiku lonse amangolimbirana foni yanga. Ndikufuna tizipangira limodzi tinthu ta luso la manja, koma ine kujambula sinditha, ndipo ndalama zogulira zipangizo ndilibe. Ndiyambire pati? Ndine mayi wa ana awiri.

YANKHO: Mayi, yambirani pansi pa mtengo. Mwana aliyense mumupatse kathumba, mutuluke nawo akatole masamba, timitengo ndi makoko a mbewu. Musawauze kuti mukapanga chakutichakuti. Atumeni kuti akusakireni tsamba lofiira kuposa onse, lina lalikulu kuposa chikhato chawo, lina la m'mbali mwa manomano. Kutolako kokha kudzawatengera nthawi yaitali, ndipo foni adzaiiwala.

Wamkuluyo adzakufunsani chifukwa chake masamba asintha mtundu, choncho konzekeranitu. Kubiriwira kwa tsamba kumachokera ku chlorophyll, imene mtengo umapangira chakudya chake pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa. Masana akayamba kufupika, kunja n'kumazizira, mtengo umaleka kupanga chlorophyll, ndiye chikasu chimene chinabisala m'tsambamo nthawi yonse chimaonekera. Kufiira kokha ndiko kumapangika pa nyengo yomweyi, kuchokera ku shuga wotsalira m'tsamba.

Mukafika kunyumba, yambani ndi chosavuta, chimenenso ine ndimachikonda kuposa zonse. Ikani tsamba patebulo chagada, mbali ya mitsempha yotukuka ikhale pamwamba, ndipo muliphimbe ndi pepala lopyapyala. Sendani kapepala ka krayoni, muigoneke cham'mbali, mwana azikhukhuza papepalapo. Tsamba lonse lidzatulukira, mpaka timitsempha tating'onoting'ono. Sankhani masamba ongogwa kumene, chifukwa ouma gwa amangofumbutuka. Kwa wamng'onoyo, matani tsambalo ndi selotepi kuti lisamayendeyende. Ndipo musaone ngati ndi masewera achibwana: katswiri wa zojambula Max Ernst anayamba kujambula mwa njira imeneyi mu 1925, atakhukhuza pensulo papepala limene analiyala pa matabwa a pansi m'chipinda.

Masamba otsalawo muwafinyize. Ayaleni pakati pa nyuzipepala, osasanjikiza, muwatsindike ndi mabuku olemera kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Pakapita masiku awiri kapena atatu sinthani nyuzipepalazo, chifukwa zimayamwa chinyezi, ndipo mukazisiya masamba amachita nkhungu. Akauma, ana amate pa katoni n'kupanga zimene maso awo aona. Tsamba lalitali limasanduka nsomba, awiri ofanana mapiko a gulugufe, lobulungira thupi la kadzidzi. Guluu musagule. Sungunulani masupuni atatu a fulawa m'kapu imodzi ya madzi ozizira, muike pamoto mukutakasa mpaka zitalimba pang'ono, kenako muziziritse. Pangani wa tsiku lomwelo, chifukwa sachedwa kusasa.

Tsopano mundimvetsere apa, Mayi, pakuti mwati kujambula simutha. Sikofunika. Ntchito yanu ndi kuyala nyuzi patebulo, kuphika guluu, kugwira sizasi pamene pavuta, n'kukhala nawo pafupi. Manja ogwira ntchitoyo akhale a ana. Mwana akamata diso la kadzidzi pamimba, lisiyeni pomwepo. Ndaona makolo ambiri akulanda pepala kuti "akonze", ndipo zimandiwawa, chifukwa mwana amangopinda manja n'kuyamba kuonerera, tsiku lotsatira safunanso kuyesa. Mufunseni kuti, "Tandiuza, ichi n'chiyani?" Yankho lake lidzakusangalatsani kuposa chithunzi chowongoka. Musayembekezerenso kuti wa zaka 3 akhala nthawi yofanana ndi mkulu wake. Akatopa, msiyeni apite, adzabwera yekha.

Pa wamng'onoyo ndiye ndikuchenjezeni. Ana a msinkhu wake amaika zinthu m'kamwa, m'mphuno ngakhale m'makutu. Kanthu kalikonse kamene kangalowe mu kakatoni kapakati ka pepala la kuchimbudzi kangathe kumutsamwitsa, choncho mikanda, mabatani ndi timbewu zikhale za wamkulu yekha, inu mukuona. Mbewu zimene simukuzidziwa musalole kuti atole. Nsatsi ndi zokongola koma zili ndi poizoni woopsa, chimodzimodzinso timbewu tofiira tija tokhala ndi kadontho kakuda, timene ana amakonda kutunga mkanda. Mukamaliza, onse asambe m'manja.

FUNSO: Azakhali, ana anga anaumba tizidole ndi fulawa wosakaniza ndi mchere, kuti tikolowekere m'nyumba pa tchuthi chino. Titaika mu uvuni, tina tinafufuma, tina tinang'aluka, ndipo mwana wanga wamkazi analira. Tinalakwitsa pati? Ndine bambo wa ana atatu.

YANKHO: Bambo, pepani kwa mwanayo, koma vutoli n'lapafupi. Nthawi zambiri amakhala moto wochuluka, kapena fulawa uja wothiriratu zofufumitsa. Tengani fulawa wamba makapu awiri, mchere wosalala kapu imodzi, ndi madzi osapitirira kapu imodzi. Madziwo muzithira pang'onopang'ono, ana akukanda mpaka zitaleka kumata m'manja. Akakanda mokwanira, sizing'aluka wamba.

Akamayala, kukhuthala kwake kukhale pafupifupi theka la sentimita. Tonenepa timauma kunja mkati muli mwauwisi, ndiye timasweka. Mu uvuni cholinga ndi kuumitsa, osati kuphika: madigiri 100 ndi okwanira, kwa maola awiri kapena atatu, ndipo muzitembenuza. Ngati uvuni wanu ndi wovuta kuuchepetsa moto, ingoyanikani pamalo ouma, podutsa mpweya, kwa masiku angapo, mukutembenuza tsiku ndi tsiku.

Popeza ndi nyengo ya masamba, ayeseko ichi. Adule chobulungira ndi kukamwa kwa kapu, asindikizepo tsamba mbali ya mitsempha ili pansi, kenako alimatule mosamala. Chidindo chake chimatsala bwino kwambiri, ndipo akachipaka penti wamadzi, mtundu umalowa m'timizeremo. Bowo lopisamo ulusi aboole zisanaume, ndi kamtengo kapena kapaipi komwera zakumwa. Mukayesa kuboola zitauma, mudzalizanso mwana.

Mchere umakoka chinyezi, motero tizidoleti tikakhala pamalo onyowa timafewanso. Tikauma bwinobwino, pakani vanishi mbali zonse, inuyo osati ana, ndipo muchitire panja. Ana asalawe zokandazo ngakhale zikuoneka ngati za mabisiketi, ndipo ngati muli ndi galu, kolowekani pamwamba pomwe sangafike, chifukwa mchere wochuluka chonchi ungathe kumupha. Ana akapempha kuti pakhalenso nyali za mapepala pambali pa tizidoleto, mkatimo muike katochi, osati kandulo, ndipo muonetsetse kuti chotsekera mabatire ake n'chomangidwa ndi sikuluu, makamaka akakhala timabatire tobulungira tija tonga mabatani, timene mwana akameza timawotcha kummero m'maola ochepa.