Funsani Tiyankhe: Kriketi ndi Ragibi pa Bwalo Limodzi

Funso: Timaonera All Blacks, timu ya ragibi ya New Zealand, pa TV kuno ku Kapata, m'Chipata muno. Akuti pa Eden Park amasewerapo kriketinso. Zitheka bwanji pa udzu wopondedwa ndi zimphona zija?

Yankho: N'zoona, achimwene. Bwaloli lili ku Auckland, m'dziko la New Zealand, pamalo pomwe kale panali dambo. Chinsinsi chake ndi pichi, kamzere ka dothi lotsendereka kotalika mamita 20 komwe mpira umadundapo. Amakakonzera pambali m'chithireyi chachikulu, n'kukabweretsa ndi makina nyengo ya kriketi ikafika.

Chovuta n'choti bwaloli lili ndi mawonekedwe a bwalo la ragibi. Malire akutsogolo ndi kumbuyo kwa pichi ali pafupi zedi, mamita ngati 55 basi, moti mpira womenyedwa mophonya umatulukabe kunja n'kubala marani (mapointi a kriketi) 6. Woponya wochenjera amadunditsa mpira chapatali ndi womenya kuti aukankhire cham'mbali, komwe malire atalikirako.

Komabe mu 1955 omenya a New Zealand adatulutsidwa onse atapeza marani 26 okha pomwepa, England ikuponya. Ku ragibi, mafainolo a World Cup a 1987 ndi 2011 adachitikira pano, ndipo konseko France idagonja kwa eni bwalo.