Watha theka la chilango, bwanji sakutuluka?

Alangizi, mwana wanga anam'gamula zaka zitatu chifukwa choba mbuzi. Kuwerenga ndi miyezi imene anakhala m'chitokosi mlandu usanazengedwe, watha chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Ndimamva kuti munthu akafika theka amatuluka. Wina wandiuza kuti ndim'patse ndalama kuti mapepala ayende. Kodi ndigulitse mbatata zanga ndim'patse? Ndine mayi wa ku Domwe, Angónia.

Mayi, mbatatazo musagulitse, ndipo munthuyo musam'patse kanthu. Ufulu umene mukufunsawu sagula.

Zimene munamvazo n'zoona ndithu, koma sizichitika zokha. Lamulo la Mozambique limalola kuti wandende amene watha theka la chilango, ndipo akuonetsa kuti wasintha khalidwe, akamalizire nthawi yotsalayo kunyumba. Ku ofesi mukatchule kuti liberdade condicional. Miyezi ya m'chitokosi ija imawerengedwa nayo, choncho mwana wanu wapitirira kale theka. Komabe wogamula ndi woweruza, ataona lipoti la akuluakulu a ndende pa khalidwe lake. Amafunanso kudziwa kumene akakhale ndi chimene akachite. Apa ndi pamene inu muli ndi mphamvu: nenani poyera kuti nyumba ilipo, munda ulipo, ndipo abale am'landira.

Pitani ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu kwaulere. Mukayambe kufunsa ku Ulongwe, mutatenga chitupa chanu ndi nambala ya mlandu. Apempheni aone ngati pempho loti mwana wanu atulutsidwe linafika kukhoti.

Malamulowa anasintha m'zaka zapitazi. Mpaka 2015 dziko lino linkaweruzira buku la malamulo la Apwitikizi la 1886. Lamulo la 2014 linabweretsa zilango zina m'malo mwa ndende, monga kugwira ntchito yothandiza anthu, ndipo mu Disembala 2019 panatuluka lamulo nambala 26/2019 lofotokoza kayendetsedwe ka zilango. Zimandiwawa kuti mabanja ambiri akumudzi palibe anawauzapo zimenezi, ndiye akathyali amadyerapo.

Musasokoneze nkhaniyi ndi chikhululukiro chija cha mu Epulo 2020, pamene andende ambiri anamasulidwa chifukwa cha Covid-19. Chimenecho chinali cha nthawi yomweyo basi.

Mwana wanu akatuluka, mum'khazike pansi. Chilango chimakhala chisanathe, ndipo akaphwanya zimene woweruza walamula kapena kupalamulanso, atha kubwezedwa kundende.